Kuchira pambuyo pa opaleshoni: zoyenera kuchita wodwala ndi gadiyani wake

Mayi anga atawachita opaleshoni yochotsa zotupa za m'chiberekero, ndinagona masiku 6 pansi pa bedi lawo pachipatala china cha boma, pakatoni yoyalapo chitenje. Usiku wodi yonse imatsala ndi anamwino awiri, odwala ali thothotho mpaka m'khonde. Ndinapita kumeneko ndikuganiza kuti ntchito yanga ndi kuphika phala ndi kuchapa zitenje, koma usiku woyamba womwewo ndinaona kuti madokotala akangomaliza kuyendera odwala m'mawa, maso amene amatsala pa wodwala mpaka kucha ndi a gadiyani. Ndalemba pano zimene masowo ayenera kuyang'ana. Ndikunena makamaka za opaleshoni ya pamimba, kaya ndi siza, ya matumbo kapena ya chiberekero, ngakhale zambiri zikugwiranso pa opaleshoni ina iliyonse. Pamene adokotala anu akuuzani zosiyana ndi zanga, tsatirani zawo, chifukwa iwo ndi amene aona m'mimba mwanu.

Musanalowe ku fiyeta

M'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri, makamaka siza, amachita ndi ma clinical officer, omwe tonse timangowatcha adokotala. Zovuta kwambiri amazitumiza ku Gulupu ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba Central kapena ku Mzuzu Central. Kulikonseko adzakupatsani pepala loti musaine kapena kudinda chala kuvomereza opaleshoni. Musasaine musanamve. Funsani kuti akukachita chiyani, akukachotsa chiyani, ndipo mukatuluka chidzasinthe n'chiyani pathupi panu. Mayi amene akukachotsedwa chiberekero ayenera kumva iye mwini, asanagone pabedi la ku fiyeta, kuti sadzaberekanso ndipo sadzasambanso kumwezi. Safunsa anadya phula.

Kenako nenani zonse zimene mumamwa. Ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga, a khunyu, asipirini, olera, ndi a zitsamba omwe. Ambiri timabisa za zitsamba poopa kukalipiridwa, makamaka amayi oyembekezera amene anamwetsedwa mwanamphepo kumudzi, koma wokupatsani mankhwala ogonetsa akufunika kudziwa chilichonse chimene chili m'magazi mwanu. Ngati munatupapo kapena kutuluka zidzolo mutamwa Bactrim kapena mutabayidwa penisilini, nenani, ndipo onetsetsani kuti alemba mufayilo ndi m'buku lanu la kuchipatala. Mankhwala a tsiku ndi tsiku musasiye nokha, musamwenso nokha m'mawa wa opaleshoni. Ena amamwedwa ndi kamadzi pang'ono, ena monga a shuga amayamba aimitsidwa, ndipo amene angakuuzeni ndi adokotala.

Akanena kuti musadye, ndiye kuti musadye. Kawirikawiri chakudya chimasiyidwa maola 6 opaleshoni isanachitike, n'chifukwa chake m'mawodi ambiri amangoti kuyambira 12 koloko usiku pakamwa pasapite kanthu. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala, zam'mimba zikhoza kubwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, ndipo anthu amafa nazo. Chifundo cha gadiyani chimapha apa: wodwala akudandaula njala, inu n'kumupatsa kathobwa mobisa. Ngati zachitika kale, ululani. Kuli bwino asunthe nthawi ya opaleshoni.

Sambani ndi sopo usiku ndi m'mawa. Musamete nokha ndi lezala pamalo pamene akukang'amba, chifukwa timabala ta lezala timasunga tizilombo. Vulani mikanda, ndolo, mphete, mano oikirira, ndi zingwe za m'chiuno. Za magazi funsani msanga. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu popereka magazi, ndiye nthawi ya holide magazi amachepa m'zipatala, ndipo abale mukhoza kupemphedwa kupereka. Konzekeranitu anthu awiri athanzi. Pachipatala cha boma magazi sagulitsidwa, malo pamndandanda wa opaleshoni sagulitsidwanso. Wina akakunong'onezani za kangachepe, kanenani ku ofesi ya ombudsman wa pachipatalapo, amene amalandira madandaulo a odwala.

Dzina lanu lonse

Tsiku lachiwiri m'wodi, namwino anabwera ndi thireyi ya majakisoni n'kuitana dzina la mfunda la mayi anga. Anayankha anthu awiri, mayi anga ndi mayi wina wa pabedi lachitatu. Namwinoyo anaseka, n'kufunsa dzina loyamba ndi mudzi, ndipo jakisoniyo anali wa mayi winayo. Kwathu kuno a Phiri ndi a Banda amadzaza wodi. Kuyambira tsiku limenelo, wina aliyense akabwera ndi jakisoni, diripi kapena thumba la magazi, ndinkati, "Pepani asisita, amenewa ndi a ndani, ndipo ndi a chiyani?" Palibe anandikalipirapo chifukwa chofunsa mwaulemu.

Ku fiyeta nakonso adzakufunsani dzina lanu, opaleshoni imene mwabwerera, ndi mbali yake, kumanja kapena kumanzere, mwina kawiri katatu. Musatope nazo. Ndi ndondomeko imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2008, imene imalamulanso kuti awerenge thonje ndi zipangizo asanasoke bala kuti pasatsale kanthu m'mimba. Ngati zimene akunenazo zikusiyana ndi zimene munagwirizana, lankhulani pomwepo, musanabayidwe.

Usiku woyamba

Wodwala amabwera kuwodi ali ndi tulo, akunjenjemera, mwina akusanza. Amene anabayidwa jakisoni wa pamsana amakhala maso koma miyendo ili dzanzi, ndipo dzanzilo limatha pakapita maola angapo. Asayese kuima miyendo isanabwerere. Akayamba kusanza mutembenuzireni mutu kumbali. Mufunditseni. Musamupatse madzi kapena chakudya namwino asanalole, ngakhale milomo iume bwanji. Mukhoza kungomunyowetsa milomo ndi kansalu koyera.

Usiku umenewu gadiyani asagone tulo ta kumudzi. Khalani ndi tochi kapena foni yochaja, ndipo ola lililonse muunike zinthu zinayi.

Bandeji. Kadontho ka magazi n'kachibadwa. Ngati banga likukula mukuliona, kapena magazi akuyenderera mpaka pansalu ya pabedi, thamangani. Mayi wa siza amatayanso magazi kunjira ya amayi, ndipo akadzadza thewera pasanathe ola limodzi, kapena akutuluka zimagazi zoundana zikuluzikulu, imeneyo ndi ngozi. Magazi ena amatayikira m'kati osaoneka. Muwadziwa ndi izi: m'manja ndi m'zikope mukuyera, thukuta lozizira, mtima kuthamanga, ludzu losatha, mimba kufufuma, wodwala kusakhazikika kapena kulankhula zosokonekera.

Kupuma. Mankhwala amphamvu opha ululu monga pethidine ndi morphine amagonetsa, ndipo akachuluka amachedwetsa kupuma. Munthu wogona bwino mukamuitana amatsegula maso. Amene sakudzuka mukamugwedeza, akupuma patalipatali, kapena milomo yasintha mtundu, musadikire kuche.

Diripi. Ikatsala pang'ono kutha, kanenani isanaume. Kagudumu kothamangitsira madziwo musakakhudze. Ndinaonapo gadiyani wina akutsegula kuti botolo lithe msanga iye akagone, osadziwa kuti madzi othamanga kwambiri amadzaza mapapo a nkhalamba ndi a ana. Dzanja likatupa, kufiira kapena kuwawa pamene pali singano, ndiye kuti pafunika kusintha malo. Akamamuika magazi, khalani pompo mphindi 15 zoyambirira. Kuzizidwa, kuyabwa, kubanika kapena kupweteka kwa msana zikayamba, itanani namwino nthawi yomweyo.

Mkodzo. Ngati wamuika paipi, thumba lake lilendewere m'munsi mwa bedi, osaliika pabedi pamene mkodzo ungabwerere m'chikhodzodzo, osaligonekanso pansi pamene anthu akuponda. Onani kuti paipi sinapindike. Maola akudutsa thumba lili gwa osalowa kanthu, kanenani. Akachotsa paipi, wodwala ayenera kukodza pasanathe maola 6 mpaka 8.

Pokaitana namwino nenani chimene mwaona. Mawu oti "amayi sakupeza bwino" namwino amene ali ndi odwala odzaza wodi amawamva kwa aliyense. Koma mukati "bedi 7, opaleshoni ya lero, bandeji yanyowa yonse ndipo m'manja mwayera", amadzuka. Akachedwa, bwereraninso. Akachedwabe, funsani asisita aakulu a wodi kapena adokotala a usiku umenewo. Manyazi asiyeni kunyumba.

Ululu nawo musaupirire ngati chinamwali. Wodwala amene akumva kuwawa sapuma mokoka, satsokomola, satembenuka, ndipo zimenezo ndi zimene zimabweretsa chibayo. Pemphani mankhwala ululu usanafike povuta.

Kudzuka

Apa ndi pamene ndinakangana ndi mayi anga. M'mawa mwake namwino anati adzuke ayende. Iwo anati, "Mwanawe, ukufuna ulusi uduke?" Inenso mumtima ndinali mbali yawo. Koma ulusi suduka ndi kuyenda. Choopsa ndi kugona. Munthu wogona chigonere magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibulumwa chake chikathothoka n'kukatseka m'mapapo, amafa mwadzidzidzi bala lili bwinobwino. Matumbo nawo amachedwa kuyamba ntchito, makhololo amadikha m'chifuwa.

Kudzuka kwake kuli ndi njira. Wodwala apinde mawondo, atembenukire kumbali thupi lonse pamodzi ngati chipika, atsitse miyendo m'mphepete mwa bedi, kenako adzikankhe ndi chigongono mpaka kukhala tsonga. Asadzuke chagada ngati mmene timachitira tili bwino, chifukwa kutero kumakoka minofu ya pamimba imene yasokedwa. Akhale kaye mphindi zingapo chizungulire chithe. Ulendo woyamba pakhale namwino, inu muli mbali inayo. Pansi pakhale pouma, ndipo patapata wakutha uja woterereka m'bafa musamuveke. Mayi anga tsiku limenelo anangofika kumapeto a bedi n'kubwerera, akunditukwana chamumtima. Madzulo anafika pakhomo la wodi. Tsiku lachitatu anali kupita okha kuchimbudzi, atawerama ngati akufuna singano pansi.

Wodwala ali pabedi, azigwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi, ndipo ola lililonse akoke mpweya wambiri ka 10, kuusunga pang'ono, n'kuutulutsa. Pofuna kutsokomola, kuyetsemula kapena kuseka, apinde chitenje kanayi n'kuchikanikiza pabala ndi manja awiri. Wodwala amene sangathe kudzuka, monga agogo othyoka chiuno, muzimutembenuza maola awiri alionse, nsalu zikhale zouma ndi zosakwinyika, ndipo tsiku lililonse muone kumatako, m'chiuno ndi kuzidendene. Khungu likafiira osabwerera, chilonda chayamba.

Amene anabayidwa pamsana ena amamva mutu waukulu patapita tsiku limodzi kapena awiri, woti akakhala tsonga ukung'amba, akagona ukuleka. Auzeni adokotala, agone, amwe madzi ambiri.

Chakudya

Adokotala akamafunsa m'mawa kuti "mwaphwisa?" sakuchita chipongwe. Mpweya ukatuluka ndiye kuti matumbo adzuka. Yankhani zoona ngakhale apongozi ali pomwepo. Odwala a siza ambiri amaloledwa kumwa ndi kudya msanga, pamene amene asokedwa matumbo amadikira nthawi yotalikirapo. Akalola, yambani ndi madzi, kenako tiyi, phala lamadzimadzi, kenako nsima yofewa. Mimba ikafufuma, wodwala akusanza zobiriwira, mpweya osatuluka, siyani kumudyetsa mukanene.

Bala limatsekedwa ndi chakudya chomanga thupi: mazira, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, mkaka, nsinjiro m'phala ndi m'masamba. Mumva anthu kumalo ophikira magadiyani akuti mazira kapena nsomba zimabweretsa mafinya. Mafinya amabwera ndi tizilombo tolowa pabala, ndipo wodwala womanidwa ndiwo ndi amene bala lake limachedwa kupola. Papaya, mango, masamba ndi madzi ambiri zimathandiza kudzimbidwa, kumene kumavuta pafupifupi aliyense chifukwa cha mankhwala opha ululu. Kuchimbudzi asadzikakamize kukankha. Fodya amachedwetsa bala kupola, mowa sugwirizana ndi mankhwala, zonse ziwiri zidikire.

Manja

Tizilombo ta m'chipatala timayenda pamanja, ndipo tina sitimva mankhwala wamba. Bwerani ndi sopo wanu ndi kachigubu ka madzi, chifukwa mpopi wa m'wodi umauma. Sambani m'manja musanagwire wodwala, musanamudyetse, mukachoka kuchimbudzi, ndiponso mukathandiza wodwala wa pabedi loyandikana, poti m'wodi timathandizana. Beseni, kapu, supuni ndi chitenje chopukutira musabwerekane. Alendo a kumpingo akabwera khumi nthawi imodzi, apemphere ataimirira, asakhale pabedi, ndipo asavundukule bandeji kuti aone mmene anasokera. Wa chifuwa kapena chimfine apereke moni ali pakhomo. Wobwera kudzatsuka bala avale magolovesi atsopano, osati amene wagwirira bala la wina. Mukaona kuti waiwala, mukumbutseni mofatsa. Usiku kungani neti. Kuchira opaleshoni n'kudwalanso malungo a m'wodi n'zomvetsa chisoni.

Tsiku lotuluka

Chimwemwe chotuluka chimaiwalitsa mafunso. Musanamange katundu, tsegulani buku la kuchipatala pamaso pa adokotala kapena namwino, muone kuti alembamo opaleshoni imene anachita. Funsani tsiku lochotsa ulusi ndi kumene mukachotsere, kuno kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanu. Ulusi wa pamimba nthawi zambiri umachotsedwa pakati pa masiku 7 ndi 10, koma ulipo wina wosungunuka wokha. Funsani mmene muzisamalira bala, ndipo ngati akuti muzitsuka ndi madzi a mchere, akuuzeni muyeso wake, madziwo akhale owiritsa ndi ozizira. Mankhwala alionse muwadziwe dzina, kuchuluka ndi masiku ake.

Panado wa 500 mg munthu wamkulu amamwa awiri, osapitirira kanayi patsiku, kutanthauza mapilitsi 8 pa maola 24. Kupyola apo amawononga chiwindi, ndipo mankhwala ambiri a chimfine a m'magolosale ali kale ndi panado m'kati. Bulufeni amwedwe mutadya, asaphatikizidwe ndi diclofenac kapena indosidi, ndipo wa zilonda za m'mimba kapena vuto la impso asamwe adokotala asanavomere. Akakupatsani mankhwala opha tizilombo, mwani monga alembera. Akapanda kukupatsani, sikuti aiwala, opaleshoni zambiri sizifuna. Musakagule makapisozi pamsika.

Ulendo wa kunyumba ukonzeni. Kabaza pamsewu wa mabampu si wa munthu wa masiku anayi chichokereni ku fiyeta. Mu minibasi pemphani mpando wakutsogolo, chitenje chopinda chili pamimba, ndipo ngati ulendo ndi wautali azitsika kuwongola miyendo.

Kunyumba

Titafika kumudzi, azakhali anabwera ndi kapisozi wofiira ndi wachikasu, akuti tithire ufa wake pabala liume msanga. Ena anatchula phulusa, ena masamba otafuna. Kukana azakhali n'kovuta, ndiye ndinangoti, "Zakhali, adokotala anati akapeza kanthu pabalapa sadzatilandiranso." Linali bodza, koma bala linapulumuka. Pabala pasapite chilichonse chimene achipatala sananene. Phulusa, dothi ndi ndowe zimabweretsa kafumbata.

Bala likhale louma ndi loyera. Akakulolani kusamba, madzi oyera ndi sopo azingoyenderera pamwamba, osakhula, kenako gusani pang'onopang'ono ndi kansalu kochapa, koyanika padzuwa ndi kusita, kamene ndi ka bala lokha. Kumtsinje, kudambo ndi kunyanja ayi mpaka litapola. Mayi wonenepa amene bala la siza lili pansi pa khwinya la mimba azikweza mimbayo kuti mphepo ipite, chifukwa thukuta limadikha pamenepo. Chitenje chisamangidwe pabala penipeni.

Khungu limatseka pa sabata ziwiri, koma minofu ya m'kati imafuna masabata 6 kapena kuposa. Apa ndi pamene amayi ambiri amadzipweteka, poti kunja kwaoneka kuti kwapola ndipo ntchito zaunjikana. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Kusenza madzi, kusinja, kulima, kuwaza nkhuni, kuchapa mabulangete, kubereka mwana wamkulu kumbuyo, zonsezi zipeze mwini wina, ndipo abambo a pakhomo amve zimenezi kuchokera kwa achipatala ngati kwa inu sakumva. Wa siza anyamule khanda lake basi. Kuyenda ndiye ayende tsiku lililonse, lero kufika pa mjigo, mawa kupitirira pang'ono. Za m'banja zidikire masabata 6 kapena mpaka adokotala atavomera. Wa siza atenge njira yolera asanafike pamenepo, chifukwa chiberekero chosokedwa chimafuna pafupifupi zaka ziwiri chisananyamule mimba ina, ndipo mimba yotsatirayo akachirire kuchipatala chokhala ndi fiyeta.

Bala likafuna kuvuta, nthawi zambiri limaonetsa pakati pa tsiku lachitatu ndi sabata yoyamba, pamene ambiri ali kale kunyumba, ngakhale likhoza kuvuta mpaka mwezi. Liyang'aneni m'mawa uliwonse panja powala. Kuyabwa ndi kulimba pang'ono m'mphepete n'kupola kumene. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona kufiira kapena kutupa kumene kukufalikira, bala lotentha, mafinya, fungo, ululu umene ukukula m'malo mochepa, kapena thupi kutentha kufika madigiri 38. Kutentha thupi musangoti ndi malungo n'kumwa LA wotsala wa mwana. Akapime magazi, aonenso bala, chifuwa ndi mkodzo. Katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuwawa, musamusisite, pitani. Kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa, kukomoka, kutaya magazi ambiri, kusanza kosalekeza, ndiponso kwa wa siza mutu waukulu ndi kusaona bwino, zimenezo ndi za usiku womwewo, osadikira kuche. Bala likatseguka n'kuoneka zam'kati, musazibwezere. Phimbani ndi nsalu yoyera yonyowetsa m'madzi owiritsa ozizira, wodwala agone chagada atapinda mawondo, asadye kapena kumwa, mupeze galimoto. Nambala ya munthu wa galimoto ndi ndalama ya mafuta zikhale padera kuyambira tsiku lofika. Pa mafunso ang'onoang'ono, a Chipatala Cha Pa Foni amayankha ulere mukawaimbira.

Tsiku limene anakulemberani kuti mubwerenso pitani, ngakhale mukumva bwino ndipo thiransipoti yakwera. Ngati anachotsa chotupa, nthawi zambiri kachidutswa kake amakatumiza kukapimidwa, ndipo zotsatira zimatenga masabata. Ife tinapita kawiri osazipeza. Ulendo wachitatu ndinatenga nambala ya fayilo imene ndinalemba kuchikuto cha buku la mayi tsiku lotuluka, kalaliki anafufuza nayo, pepala linapezeka, ndipo adokotala anatiwerengera kuti sichinali khansa.